Nambala ya Alamu Tayi

Mayi Simbi anayamba kusita zovala za eni ali ndi mwana kumbuyo, ndipo pamene izi zinkachitika mwana uja anali atayamba kale kumeta ndevu. Dzinali analipeza pantchito pomwepo, pamalo ochapira zovala kuseri kwa msika, m'chipinda chopanda zenera momwe nthunzi inkaunjikana kudenga n'kumadonthera munthu m'khosi. Manja awo anali ndi zipsera zambirimbiri zamoto. Sanali munthu wolongolola. Akakwiya ankangodinda simbi mwamphamvu, ndipo anzawo ankadziwira pa kulira kwa tebulo kuti lero kunyumba sikunache bwino.

Chimene ankafuna pamoyo wawo chinali chimodzi: makina ochapira awoawo, m'kachipinda kawokawo. Kachipindako anali atakaona kale, pafupi ndi nyumba zogona ana a sukulu ya ukachenjede, anthu oti kuchapa amakuopa ngati mliri. Mwini wake analonjeza kuwasungira. Ndalama yoyambira anali nayo, yotsalayo anati akakongola kubanki.

Amuna awo anali dalaivala wa lole, munthu wofatsa, wokhalitsa pamsewu. Iwowa anali ndi mng'ono wawo, amene aliyense ankamutchula kuti Tayi chifukwa sankaivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tayi anali ejenti wa nyumba za lendi. Ofesi analibe, njinga analibe, chimene anali nacho chinali pakamwa.

Zaka zingapo mmbuyomo anabwera kunyumba atanyamula kabotolo ka mafuta onunkhira.

"Alamu anga okoma mtima," anatero, "a kampani ya mafoni akupereka foni pamodzi ndi laini, kulipira kwake pamwezi pamwezi. Koma chiphaso changa chinasowa. Inu mungokasaina, kulipira ndi kwanga. Simudzamva ngakhale fungo lake."

Mayi Simbi anayang'ana amuna awo. Amuna awo anati, "Muthandize, ndi mwana wako yemweyu." Anakasaina. Pasanathe mwezi nambala ija inali paliponse, yolembedwa ndi penti yofiira pamipanda, pamapolo a magetsi, ngakhale pakhoma la chimbudzi cha pamsika: NYUMBA ZILIPO, IMBANI. Mayi Simbi ankaidutsa mmawa uliwonse, mwina n'kumwetulira kuti mlamu wawo wakhala munthu.

Tsiku lopita kubanki anavala diresi yomwe anaisita okha kawiri. Mtsikana wa pakauntala anawalandira bwino, n'kulemba dzina lawo pakompyuta. Kenako nkhope yake inasintha pang'ono, monga amachitira namwino akaona zotsatira za magazi.

"Mayi, muli ndi ngongole ya foni?"

"Ine foni yanga ndi iyi," anatero, akutulutsa kafoni komanga ndi labala.

Mtsikana uja anawafotokozera mofatsa. Anati kuli bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo banki iliyonse imayamba yafunsa kumeneko isanakongoze munthu. Amene amalipira bwino amakhala ndi mapointsi ambiri, wozemba amatsika nawo. Padzina lawo panali laini ya foni yomwe miyezi ina inkalipiridwa theka, miyezi ina mochedwa kwambiri, miyezi ina ayi ndithu, mpaka kampani inatopa n'kukawanenera kubungweko.

"Koma mwati ankalipirako theka. Theka si ndalama?"

"Kwa iwo theka n'chimodzimodzi kusalipira, mayi. Mweziwo amaulemba kuti mwalephera. Ndipo ngakhale mutamaliza lero, chipseracho chimatenga zaka kuti chifufutike."

Anatuluka m'banki muja ali ndi dzina la wozemba ngongole. Iwo amene sanadyepo ngongole ya munthu, ngakhale ya sopo.

Tayi anamupeza pamalo ometera tsitsi, atakhala chotambalala, foni ili pakhutu. Atamuuza, anaseka.

"Aa, alamu, zomwezo? Ndimaponyako ndithu kangachepe, si mwaona laini sinatsekedwe? A banki amangoopseza. Pitani banki ina."

Anapita banki ina, yankho linali lomwelo. Amuna awo atabwera kuchokera kuulendo anamvetsera nkhani yonse akuvula nsapato, n'kungoti, "Chibale ndi fupa, mayi, sichiola. Ndiyankhula naye." Sanayankhule naye. Apongozi awo, amene Tayi anali chitsirizira chawo, anati, "Mpaka kudana pachibale chifukwa cha foni? Inu mwasita zovala zaka zonsezi, mwafa?" Mwezi wotsatira kachipinda kaja kanatengedwa ndi munthu wogulitsa mafuta a galimoto. Mayi Simbi anaima tsidya lina la msewu kuonerera akukhoma chikwangwani chake. Sanalire. Mawa lake tebulo la kuntchito linalira tsiku lonse, ndipo anzawo sanayerekeze kuwafunsa kanthu.

Patapita masiku anapita kukampani ya mafoni, kuti angomva kukula kwa dzenje lomwe anawakumbira. Bambo wa pamenepo anawauza ndalama yake, ndipo inali pafupifupi zonse zomwe anasungira makina. Iwo anafunsa ngati mlamu wawo angakakamizidwe kulipira.

"Ife mlamu wanuyo sitimudziwa, mayi. Kwa ife laini ndi yanu, ngongole ndi yanu, nambala ndi yanu."

"Nambala ndi yanga?"

"Yanu. Mutafuna, mukamaliza ngongoleyi tikhoza kutseka khadi inayo n'kukupatsani yatsopano, nambala yomweyo."

Mayi Simbi anathokoza, n'kunyamuka pang'onopang'ono. Pobwerera anadutsa njira yaitali, akuwerenga mipanda yonse yolembedwa ndi penti yofiira ija, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kubanki anamva njala.

Sanapupulume. Anayamba kumupatsa moni Tayi mwansangala, mpaka ankamusitira malaya ndi matayi ulere. Apongozi anayamikira kuti mtengwa wawo wakhwima nzeru. Iwo ankadikira nyengo yotsegulira sukulu, pamene ana a ukachenjede amakhamukira m'tauni kusaka zipinda, nthawi yomwe ma ejenti amakolola za chaka chonse. Podikirapo anakaonana ndi a Makiyi, ejenti wachikulire woyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, amene Tayi anamulanda makasitomala ambiri pomunenera kuti wakalamba, sakumva. Anagwirizana kuti munthu aliyense amene Mayi Simbi angatumize, a Makiyi aziwagawirako ndalama.

Sabata yotsegulira sukulu itakwana, anatenga ndalama zonse za makina n'kukazithira pakauntala ya kampani ija. Khadi yatsopano anailowetsa m'kafoni kawo ka labala. Asanafike n'komwe pamalo okwerera basi, kanayamba kulira.

"Halo, a Tayi alipo? Ndikufuna chipinda."

"A Tayi pano palibe, mwanangu. Ine ndine mwini nambala. Munthu ameneyo salipira ngongole, ndipo ukamupatsa ndalama ulira ngati ine. Lemba nambala ya a Makiyi."

Tsiku limenelo anasita ndi dzanja limodzi. Kanalira mmawa, kanalira masana, ndipo aliyense anamva mawu omwewo, osawonjezera, osachotsera. Eni nyumba nawo anaimba, ndipo anawauza zomwezo. Kenako kunayamba kuimba anthu ena amene iwo sanawayembekezere: amene anapereka kale ndalama ya chikole kwa Tayi koma chipinda osachiona. Amenewa Mayi Simbi ankawalankhula mwaulemu wapadera. Ankawalongosolera malo ometera tsitsi aja, mpando umene amakhalapo, ndi mtundu wa tayi yomwe wavala, popeza anali ataisita okha.

Tayi anathamangira kukampani kukadandaula kuti laini yake yafa, ndipo anamufunsa chiphaso cha mwini wake. Pobwerera anapeza anthu akumudikira pometera paja. Amene analipo amati bambo wina, yemwe mwana wake wamkazi anagona pabwalo la basi chifukwa chosowa chipinda, anamugwira tayi yomweyo n'kumukoka ngati mbuzi ya pamsika mpaka kupolisi.

Abale anasonkhana kunyumba kwa Mayi Simbi Lamlungu masana. Tayi anali atatuluka pa belo, kolala ili pululu, maso ali pansi. Apongozi analankhula nthawi yaitali, akulira, kuti mtengwa wawaphera mwana.

"Mpaka kudana pachibale chifukwa cha foni, amayi?" anafunsa Mayi Simbi, mawu ali ozizira. "Wafa?"

Amuna awo anakanda kumutu.

"Mayi, wamva kuwawa, zakwana. M'bwezere nambala yake adyetse ana."

"Nambala yake iti? Inu munati ndimuthandize, ndinamuthandiza. Munati muyankhula naye, ndikudikirabe. Dzina langa analidetsa ndi iyeyu, ndalichapa ndi ndalama zanga, ndipo silinayerebe. Likadzayera, adzabwere tidzakambirane."

"Alamu, ndinalakwa," anatero Tayi chapansipansi.

"Ndamva theka," anayankha iwo. "Ndipo theka ndinauzidwa kuti sawerengera."

Nambala sanabweze. Tayi anayesa kulemba ina pamipanda, koma mbiri inali itamutsogolera, ndipo eni nyumba ankamutsekera geti asanamalize moni. Anakathera kogulitsa matikiti a basi kutauni ina. Apongozi sanapondenso pakhomo la mtengwa wawo mpaka anamwalira, ndipo pamaliro Mayi Simbi anagwira ntchito zonse zoyenera, koma palibe wachibale amene anakhala nawo pafupi. Amuna awo anayamba kutenga maulendo ataliatali, ndipo akabwera nkhani zawo zinkakhala za ana basi. Izi zinkawapweteka, ndipo sankabisa. Koma mnzawo wa kuntchito atawafunsa ngati sanapyole muyezo, anati akanakhala ndi mwayi akanachitanso, mwinanso kudikira sabata imodzi kuti Tayi ayambe watenga ngongole ya suti yomwe ankaisirira.

Laini ija ankailipira tsiku loyamba la mwezi, yonse, asanagule ngakhale mchere. Ndalama za a Makiyi zinabwezeretsa pang'onopang'ono zomwe zinapita. Banki inadzawakongoza imvi zitayamba kuoneka, ndipo makina anagula amodzi okha, akale, olira ngati chigayo. Anawaika pakhonde la nyumba yawo, poti zipinda za kufupi ndi sukulu zinali zitakwera mtengo. Makasitomala oyamba anali ana a sukulu omwe aja, amene anawadziwa poimba kufuna chipinda, ndipo ambiri a iwo mpaka lero amaganiza kuti mayiwo ndi ejenti amene amachapa zovala pongodzithandiza.