Diso la Ababa Simunaliyang'ane

Ababa anga samwa mowa. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa Lachinayi lapitali mayi wina wovala yunifolomu anawatcha chidakwa pamaso pa anthu odzaza khonde la chipatala, ine ndili pomwepo. Diso limene tinapitira sanaliyang'ane n'komwe.

Dzina la chipatalacho sinditchula, ndipo la mayiyo sindilidziwa. Koma mawu awa akakufikani, mayi, mudzizindikira nokha.

Ine ndine Enelesi, ndili Fomu 3. Ababa ndi a kabaza pa Migowi. Anayamba kupalasa ine ndisanabadwe, kunyamula anthu, matumba a nandolo, nthawi zina ngakhale mbuzi. Dzuwa lonse limathera pankhope pawo, ndipo fumbi la maminibasi amalilandira ndi maso. Chaka chatha tinayamba kuona kanyama m'diso lawo lakumanja, kochokera mbali ya kumphuno, kooneka ngati kaphiko ka ngumbi. Poyamba kanali pa choyera pokha. Pano kakwera pa chakuda ndipo kakulunjika pakati. Diso limafiira, limachucha misozi, ndipo iwo amati muli ngati mwalowa mchenga wosatuluka.

Teremu yatha kusukulu kwathu kunabwera bambo wina wa za maso kudzatiphunzitsa. Atamaliza ndinalimba mtima n'kumufotokozera za ababa. Anati zikumveka ngati chimene m'Chingerezi amachitcha pterygium. Anati si khansa, ndi kanyama kobwera chifukwa cha dzuwa, fumbi ndi mphepo, koma kakafika pakati pa diso munthu amayamba kuona mwachimbuuzi. Anati alipo mankhwala odontheza ochepetsa kuyabwa, ndipo kakakula amakachotsa ndi opaleshoni. Anangondichenjeza kuti wodziwa za maso akaone kaye, poti pali zotupa zina zofanana nako zimene ndi zoopsa. Tsiku limenelo ndinathamanga njira yonse mpaka kunyumba.

Ababa sanavomere msanga. Ankati, "Chipatala n'cha anthu odziwa kulankhula. Ine ndikakanena chiyani kumeneko?" Azakhali a ku Jenala anali atawalonjeza kale madzi a masamba ena ake oti azidontheza. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati, "Ababa, diso si chilonda cha pamwendo. Tiyeni kuchipatala, ine ndikakulankhulirani. Akatithandiza, muona." Ndinanena zimenezi ndi mtima wanga wonse. Ndinawavutitsa milungu ingapo, mpaka tsiku lina misozi itawatseka panjira anatsala pang'ono kugundana ndi njinga yamoto, atanyamula mayi wa mwana kumbuyo. Atafika kunyumba anangoti, "Dokotala wakoyo amabwera liti?"

Dokotala wa maso amabwera kamodzi pamwezi. Ndinapempha chilolezo kusukulu. Ababa anavala malaya awo oyera, amene amavala potsogolera nyimbo kutchalitchi, ndipo anandinyamula panjinga. Tinafika dzuwa likungotuluka, koma tinapeza khonde litadzaza kale, ambiri agogo a ng'ala otsogoleredwa ndi ndodo. Galimoto ya dokotala inafika cha m'ma 10 koloko. Pakhomo la chipinda chake anaikapo tebulo, ndipo patebulopo panakhala mayi wosankha olowa.

Ababa atamuona anandikodola n'kundinong'oneza, "Mayi awa ndimawadziwa. Ndi kasitomala wanga, ndimawanyamula m'mawa kuchokera pasiteji. Basi zathu zayenda." Anamwetulira. Kuyambira pamene diso linayamba kuvuta, ndinali ndisanawaone akumwetulira choncho.

Nthawi yathu itakwana, ababa anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, Madamu?"

Mayiyo sanadzutse mutu. Maso anali pafoni.

"Vuto?"

Ababa anayamba kufotokoza. Chichewa chawo chimamveka Chilomwe, ndipo akachita mantha mawu amawathawa. Mayiyo anawabwereza mawu awo mowayeseza kalankhulidwe, mnzake wa pambali n'kuseka. Kenako anadzutsa mutu kanthawi kongokwanira kuingitsa ntchentche.

"Maso ofiira? Madala, siyani kachasu. Lero ndi tsiku la odwala maso, si la matsire."

Anthu ena anaseka. Gogo wina wa ng'ala, amene sankationa n'komwe, anati, "Aa, koma mwana ameneyu!" Ababa anangoima, chipewa chili m'manja.

Ine ndinati, "Pepani mayi, ababa samwa. Muli kanyama m'disomo, tangoyang'anani."

"Ndiwe dokotala?"

"Ayi, koma kusukulu anatiuza kuti..."

"Uli fomu chani?"

"Fomu 3."

"Ukamaliza udzandichotse pampando pano. Pitani pawindo mukatenge mankhwala opaka. Wotsatira!"

Pawindo anati mankhwalawo atha, tikagule. Tinabwerera patebulo, tinapeza mpando uli wokha. Mlonda anatiuza kuti mayi apita kukamwa tiyi, ndipo amene aonedwe lero asankhidwa kale. Tinakhala pansi pafupi ndi khoma n'kumadikira, mwina wina atimvera chisoni. Dzuwa linafika paliwombo. Ababa ankangopukuta misozi ya diso limodzi ndi kansalu.

Cha m'ma 2 koloko dokotala anatuluka, chikwama m'manja, kulunjika kugalimoto. Anali pafupi moti ndikanafuula akanandimva. Ndinadzambatuka kuti ndimuthamangire, koma ababa anandigwira mkono mwamphamvu.

"Enelesi, usandichititse manyazi kawiri."

Galimoto inanyamuka n'kutisiyira fumbi. Ababa anatsinzina diso lodwalalo ndi kuvala chipewa.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Ndinakhala kumbuyo ndikuyang'ana msana wawo, malaya oyera aja atanyowa thukuta n'kumamatira. Ndipamene ndinazindikira kuti anthu onse amene ababa amawanyamula amangoona msana umenewu basi. Titayandikira kunyumba anatsika n'kuyamba kukankha njinga, ndipo osandiyang'ana anati, "Mwana wanga, ndapita. Waona wekha." Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Nkhani siichedwa pa Migowi. Lachisanu anzawo a pasiteji anali atamva kale. "A kwaya, mumamwera kuti osatiitana?" "Ndiye chifukwa chake mawu amatuluka bwino chonchija!" Ankangocheza, ndikudziwa. Ababa anaseka nawo, koma atafika kunyumba sanadye.

Loweruka azakhali anabwera ndi kabotolo kawo. Ndinalira, ndinagwada, ndinawakumbutsa zonse zimene bambo wa za maso anatiphunzitsa. Amayi anga anandiyang'ana n'kuti, "Nanga titani, Ene? Kuchipatala kwanuko mwabwerako ndi chiyani?" Azakhali anawagoneka ababa chagada pamphasa n'kuwadontheza madzi obiriwirawo. Ababa munthu wosadziwa kubuula anafinya mphasa mpaka bango kuthyoka. Lamulungu diso linadzuka litatupa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire changa nyimbo kutchalitchi anatsogolera munthu wina. Kutupa kwayamba kuphwa, koma kanyama kaja kali pomwe kanali.

Tsopano imvani zimene zandichititsa kubwereka foni ya mnzanga kuti ndilembe pano.

Lolemba m'mawa ndinkadutsa pasiteji popita kusukulu. Ababa anali atabwerera kuntchito, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso, poti njinga ikagona nafenso tigona ndi njala. Minibasi inaima. Anatsika mayi yemwe uja, yunifolomu yoyera bwino, foni m'manja.

"Kabaza!"

A kabaza amanyamula motsatana, ndipo inali nthawi ya ababa. Ndinaima chilili. Ndinkaganiza kuti akana, kapena auza mnzawo kuti apite. Ayi. Anakankhira njinga pafupi, n'kupukuta khushoni ndi kansalu komwe kaja amapukutira misozi. Mayiyo anakhala, maso pafoni.

"Palasani mwamsanga madala, odwala akundidikira."

"Chabwino, Madamu."

Sanawazindikire. Munthu amene anamutcha chidakwa Lachinayi, Lolemba anamukhalira kumbuyo mosaopa, n'kumutuma kuti athamange.

Mayi, ndili ndi mafunso ndipo ndikufuna mayankho. Ngati ababa ndi chidakwa, bwanji mumaika moyo wanu pamsana pawo m'mawa ulionse? Matenda mumawadziwira pafoni? Mukanataya chiyani mukanadzutsa mutu n'kuyang'ana diso limodzi? Kodi kalankhulidwe ka munthu ndi matenda amene mumachiza ndi kuseka? Inu akuluakulu a zaumoyo, dokotala wobwera kamodzi pamwezi mumamuikira pakhomo munthu wosayang'ana odwala kuti aone ndani? Kusukulu mumatitumizira anthu odzatiuza kuti tithamangire kuchipatala, tisaike masamba m'maso. Ine ndinamvera. Ndinatenga bambo anga n'kuwabweretsa. Ndikawauze chiyani tsopano ana anzanga amene makolo awo ali ndi kanyama komweka? Alipo ambiri kuno, a kabaza, a m'minda, amayi oyanika nandolo padzuwa.

Ine ndinkafuna kudzakhala namwino. Ndikufunabe, ngakhale sabata ino ndikatsegula buku ndimangoona chipewa chili m'manja mwa ababa.

Sindikufuna kuti muchotsedwe ntchito. Dokotala abweranso mwezi wamawa, ndipo ababa alumbira kuti pakhonde paja sadzapondanso. Ine sangandimverenso, mawu anga anathera patebulo panu. Kanyamako sikakudikira aliyense. Kakatseka pakati pa diso, njinga iima, ndipo mwina isanaime idzakhala itagwetsa wina.

Ndiye ndikukupemphani chinthu chimodzi. Mawa ababa akakutsitsani pageti la chipatala, musangotembenuka n'kumapita. Zungulirani mubwere kutsogolo kwa njinga. Auzeni akweze chipewa. Ndi diso lakumanja, mbali ya kumphuno. Mukaliona, muwauze ndi pakamwa panu kuti abwere. Inu akumverani, chifukwa mpaka lero akamakutchulani kunyumba amati "kasitomala wanga".