Masiponji M'kabedi ka Mwana

Achimwene anga amapolisha magalimoto. Mukanena kuti amatsuka magalimoto mwawatukwana, ndipo akuyang'anani ngati mwaponda pamene angokolopa kumene. Otsuka ndi ena. Iwo galimoto imawapeza itatsukidwa kale, ntchito yawo n'kuchotsa timizere tonse ta pa penti mpaka mwini wake adzione nkhope pachitseko n'kukhumudwa ndi mphuno yake. Amagwirira kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa shedi ya malata, ndi makina a m'manja amene kutsogolo kwake amamatako siponji yozungulira, kukula kwake ngati mbale ya mwana.

Masiponji amenewa ndiwo nkhani yonse. Alipo makumi awiri ndi anayi. Achikasu ndi olimba, ofufutira mizere yozama. Oyera ndi apakati. Akuda ndi ofewa ngati tsaya, ndiwo omalizira. Amayi athu anawatchulapo kuti zinkhupule tsiku lina, achimwene anatha sabata yathunthu osawaimbira foni.

Anansi ndi makasitomala amawatchula kuti a Chinyezi, chifukwa palibe mawu ena amene amatuluka pakamwa pawo kawirikawiri kuposa amenewa. Anthu ena amaopa mbava, ena njoka. Achimwene amaopa siponji imene yauma kunja koma m'kati mwabisala madzi. Manthawa ali ndi poyambira pake. Atangoyamba ntchitoyi anatsekerapo siponji yonyowa m'jumbo, inachita nkhungu, guluu wa kumbuyo n'kufooka. Tsiku loigwiritsa ntchito inamatuka makina ali pa liwiro, inauluka kudumpha mpanda, n'kukagwera m'beseni la aneba amene ankasamba mapazi. Makina opanda siponji aja anakanda boneti ya kasitomala. Anebawo anakhululuka, kasitomala anakhululuka, koma achimwene mpaka lero sanadzikhululukire.

Ndinawaonererapo akuchapa masiponjiwa, ndinatsala pang'ono kukalamba nditaimirira. Akangomaliza galimoto, asanamwe ngakhale madzi, amawanyika m'ndowa polishi asanaumiremo. Madzi akhale ofunda, osati otentha, chifukwa otentha amasungunula guluu, ndiye amawayesa ndi chigongono. Sopo pang'ono chabe. Kenako amadina ndi zala zazikulu kuchokera pakati kupita m'mbali, kudina, kutsukuluza, kudinanso, mpaka madzi atuluke oyera. Kupotokola ngati chovala n'koletsedwa. Ine ndinapotokolapo imodzi pofuna kuthandiza. Anailanda m'manja mwanga n'kuyamba kupepesa, kupepesa siponjiyo, ine ndili pomwepo. Akamaliza kuchapa amaibwezera pa makina, n'kuilozetsa m'ndowa yopanda kanthu, n'kuyatsa kuti madzi otsala awazikire mmenemo.

Kuyanika ndiye kunali mlandu. Padzuwa ayi, siponji imanyenyeka. Pachingwe ayi, zopanira zimasiya zipsera. Patebulo ayi, mphepo siidutsa kunsi. Panja paliponse ayi, chifukwa kamchenga kamodzi kakabisala m'siponji kamalemba galimoto ya munthu mizere kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pankafunika malo amthunzi, odutsa mphepo pansi ndi pamwamba, otchingidwa ku fumbi. M'nyumba yonse malo otero analipo amodzi okha, kabedi ka mwana.

Kabedi kameneka anagula chaka choyamba cha ukwati wawo, alamu anga ali oyembekezera. Pa miyezi isanu anapita padera, ndipo sipanabwerenso wina. Zaka khumi ndi ziwiri zadutsa. Kabediko kanangokhala m'chipinda chaching'ono ndi neti yake yoyera, ndipo tonse pabanja pathu tinaphunzira kudutsa pakhomo pa chipindacho tikuyang'ana kwina. Tsiku lina achimwene anachotsamo matiresi, anaona timatabwa ta pansi titatalikirana bwino, n'kuyalapo masiponji chafufumimba, mbali yomatira ili kumwamba kuti madzi asatsikire ku guluu. Kenako anatsitsa neti.

Kuyambira pamenepo chipindacho chinakhala ndi malamulo ake. Nsapato zimatsala pakhomo. Zenera limatsekulidwa theka, ndipo lole ya mchenga ikamveka mumsewu, amene ali pafupi amathamanga kukatseka. Ikakwana 12 koloko masiponji amasunthidwa, a pakati kupita m'mbali, a m'mbali kubwera pakati. Koma lamulo lalikulu ndi ili: chosauma sichituluka m'chipinda. Kuti adziwe ngati yauma, achimwene amaika siponji patsaya, n'kutsinzina, n'kudina pang'ono. Ikazizira imabwerera m'kabedi. Ikauma imalowa m'jumbo yakeyake, mtundu ndi mtundu, chifukwa polishi wokhakhala wa yachikasu akakhudza yakuda, yakudayo yatha ntchito. Majumbowo amagona m'wadirobu, pamwamba, osapanikizana. Suti yawo ya ukwati inasamuka mmenemo kalekale, imalendewera pa msomali kuseri kwa chitseko.

Nyengo ya mvula ina kunabwera bwana wina ndi galimoto yaitali ngati basi, akufuna iwale pofika madzulo. Achimwene analowa m'nyumba, anatuluka akupukusa mutu.

“Akuda sanaume, bwana. Mubwere mkuja.”

“Iwe, ndili ndi msonkhano waukulu mawa!”

“Ndamva, bwana. Koma siponji siidziwa za msonkhano.”

Bwanayo anapita akulalata, achimwene anabwerera m'chipinda kukakupiza masiponji ndi katoni.

Ine ndimaluka tsitsi pa saluni, ndipo ndine wotsiriza kubadwa kwathu. Chaka chatha ndinali woyembekezera. Nditafika miyezi isanu ndi itatu amayi anandiitana.

“Kabedi kali kwa achimwene ako kakungogonedwa ndi zinkhupule. Pita ukapemphe. Ine ndikapita tikayambana.”

Amayi amadziwa kutuma munthu kumene iwo akuopa. Ndinapita Lachiwiri, dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza achimwene m'chipinda muja atawerama, akusuzumira mu neti.

“Achimwene, ndabwera ndi pempho.”

“Vula nsapato kaye.”

Ndinavula movutikira, chifukwa mapazi anga ndinali nditasiya kuwaona mwezi wapitawo.

“Ndimati mundibwereke kabedika.”

Anayang'ana mimba yanga, anayang'ana masiponji, anayang'ananso mimba.

“Mwanayo abwera liti?”

“Mwezi wamawa.”

“Mwezi wamawa kukhala mvula yambiri. Sangadikireko pang'ono kuti ithe?”

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense kwathu amadziwa. Pamenepo mapazi atatupa, msana ukuwawa, munthu wamkulu akundifunsa ngati mwana angadikire masiponji.

“Achimwene, mwapenga kodi? Zaka zonsezi mukugoneka zinkhupule mu neti, msewu wonse ukukusekani! Masiponji si ana! Mwamva? Si ana amenewa!”

Sindinadziwe kuti alamu aima pakhomo kumbuyo kwanga, masilipasi awo ali m'manja.

“Tikudziwa, alamu,” anatero motsitsa mawu. “Akanakhala ana bwenzi akulira.”

Anandidutsa, anakweza neti, n'kuyamba kusuntha masiponji, a pakati kupita m'mbali, a m'mbali kubwera pakati. Manja awo ankadziwa pogwira osayang'ana. Ine zaka zonsezi ndinkaganiza kuti alamu amangopirira misala ya amuna awo. Sindinkadziwa kuti ntchito ya 12 koloko ija ndi yawo, kuti ndi nthawi yokhayo imene amalowa m'chipindamo ali ndi chifukwa. Ndinachita manyazi otentha mpaka m'makutu. Ndinatuluka osatsanzika, nsapato ndinakavalira kumsewu.

Lachisanu m'mawa ndinamva kugogoda. Anali achimwene, kabedi atasenza pamutu, thukuta lili kamukamu. Anali atakapolisha ndi siponji yakuda mpaka ntchentche ikanaterereka. Neti inali yochapidwa, ndipo matiresi aja a zaka khumi ndi ziwiri anali adakali m'pulasitiki yake ya kusitolo.

“Usakaike pafupi ndi khoma,” anatero. “Khoma limatuluka thukuta.”

Sanakhale pansi, ngakhale madzi anakana.

Mwana anabadwa, wamkazi, wolira ngati mayi ake. Kabedi kanayamba ntchito imene anakapangira, koma ine ndikamugoneka mmenemo mtima sunkakhala m'malo. Atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi ndinamubereka kupita naye kwa amalume ake. Pabalaza ndinasowa pokhala. Achimwene anali atazula mashelefu onse a waya a m'firiji, atawasanjika pakati pa mipando, n'kuyalapo masiponji, pamwamba atafunditsa katani yopyapyala. Alendo ankacheza chiimire, ndipo m'firiji zonse zinangounjikana pansi, mazira pamwamba pa tomato. Chipinda chaching'ono chija chinali chotseka.

Itakwana 12 koloko ndinaona alamu akunyamuka. Anayenda mpaka pachitseko chija, anavula masilipasi, anagwira chogwirira. Anaima pamenepo kanthawi, kenako anavalanso n'kubwerera.

“Ndaiwala chimene ndimafuna,” anatero.

Kwathu kupepesa ndi pakamwa sitinaphunzire, choncho ine ndinanama.

“Achimwene, nyumba yanga ija ili ndi chinyezi.”

Anaika kapu pansi. “Pati?”

“Ponseponse. Khoma, denga, pansi. Kabedi kaja kayamba kununkha nkhungu kumiyendo. Ndiye sabata yamawa ndikubwerera ku saluni, mwanayu ndilibe womusiyira masana, ndimati mwina…”

Sanadikire kuti ndimalize. Tsiku lomwelo tinapitira limodzi kwanga kukatenga kabedi. Nyumba yangayo ndi youma gwa, ngakhale nyengo ya mvula. Achimwene anagusa khoma ndi dzanja, kenako anaikapo tsaya n'kutsinzina. Atatsekula maso anandiyang'ana nthawi yaitali. Anasenza kabedi n'kutsogola.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimamusiya mwana kumeneko popita kuntchito. Malamulo a chipinda sanasinthe. Nsapato pakhomo, zenera theka, lole ya mchenga ikamveka anthu awiri akuluakulu amagundana pothamangira kukatseka. Masiponji anatsala pabalaza, firiji mpaka lero ilibe mashelefu. Alamu ndiwo amamusambitsa mwanayo, koma madzi sakhudza khungu lake achimwene asanayese ndi chigongono. Pomupukuta achimwenewo amaimirira pambali kukumbutsa kuti thawulo ndi lodina, osati lokhula. Tsiku loyamba anafuna kumugoneka chafufumimba kuti madzi atsike bwino, alamu anawakwapula ndi thawulo lomwelo.

Dzulo ndinaweruka 5 koloko ndili wotopa, ndikufuna kungomutenga ndizipita. Ndinaima pakhomo pa chipinda chija nsapato zili kuphazi. Mwana anali atasamba kale, atavala, ali m'kabedi akusewera ndi zala zake. Alamu anamunyamula kubwera naye kwa ine, ndinamusisita kumutu, n'kutambasula manja kuti ndimulandire. Achimwene anafika kuchokera kushedi akupukuta m'manja, anamutenga iwo ine ndisanamugwire bwino. Anaika kamutu kake patsaya lawo n'kutsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali kuposa imene ndinawaonapo akuyesa siponji iliyonse. Alamu ankayang'ana pansi.

“Sanaume,” anatero achimwene. “Khala pansi kaye.”

Tsitsi la mwanayo ndinali nditaligwira ndekha, linali louma. Ndinavula nsapato, ndinalowa, n'kukhala pansi pambali pa kabedi.