Mapale a Nyangu

"Ndiye mafumu aakazi akale munawaona kunjawo, anawatsekera m'magalasi?"

Akufunsawo ndi mayi woumba mbiya wa ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Tawina, mtsikana wa m'mudzi momwemo amene wangobwera kuchokera ku Ulaya koma mtima ukadali panjira, akuvomera kuti anawaonadi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Mayiwa salima mothamanga. Khasu likafukula phale lakale, amalipukuta ndi chitenje n'kulilonjera kuti, "Mwadzuka bwanji, a Nyangu?" Amakhulupirira kuti mapalewo ndi a miphika ya Nyangu, mayi wobereka mafumu a Amaravi. Amawasinja mumtondo n'kusakaniza ndi dongo latsopano, monga ankachitira amayi awo.

Tsiku lina Tawina anawagwira dzanja mayiwo munsi uli m'mwamba. "Amayi, musaphwanye! Kunja zimenezi amazisunga, anthu n'kumabwera kudzaziona."

"Mwanawe, amasunga wakufa. Awa akuphikabe!" Mayiwo anaseka. "Nyangu anali ndi mwayi, ankasiyira mwana wamkazi. Wanga Prisca ali ku Joni, akuti dongo limathyola zikhadabo. Ine maso ayamba nkhungu. Ndikapita, mapalewa adzawalonjera ndani?"

Tikiti ya Tawina yobwerera ku Ulaya inali kale m'chikwama. Mayiwo sanamupemphe kanthu, anangomusendezera mphasa pafupi ndi dongo. Tawina anaumba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chimene chinatuluka chinali chokhota kukamwa.

"Mawa mulawire, dongo lisanaume," anatero mayiwo.

Tawina sanalonjeze. Anangogula kamphika ka ndiwo, kamene m'sutikesi sikangafike kutali kosasweka, nakanyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba.