Supachaja ya Lorene

Lorene Tackett anamera imvi akuyendetsa basi ya ana asukulu m'katauni kena ku Oklahoma. Atapuma pantchito, anakankhira panja Chevelle, galimoto yakalekale ya malemu bambo ake, imene nkhuku zinkaikiramo mazira, n'kuigulira supachaja, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini.

Mchimwene wake Vernon, makaniko, anaseka mpaka kutsamwa. "Achemwali, msinkhu umenewu mukuthamangira kuti? Kumanda satseka ayi."

"Tandipatsa sipanala, usiye phokosolo," anatero Lorene.

Chilimwe chonse awiriwa anali m'galaja. Anaboola boneti kuti chipangizocho chisuzumire kunja, anamanga lamba watsopano, koma injini inkangotsokomola n'kulavula utsi wakuda. Lorene ankatsinzina, n'kumapotokola kasikuluwu ka kabuleta, posakanizira mafuta ndi mpweya, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru, mpaka tsiku lina kutsokomola kunatha, panamveka kamluzu kosalala.

M'mawa mwake analowa mumsewu wowongoka wa pakati pa minda ya tirigu. Lorene ataponda moto, kamluzu kaja kanakwera, mpando unamukumbatira, minda yonse inasungunuka n'kumayenda ngati madzi achikasu. Anamva thupi lake litapepuka ngati la mtsikana, ndipo kumwamba kunkaoneka pafupi. Vernon anali atagwiritsa chitseko, akupemphera mokweza.

Anakaima m'tauni yotsatira kuti amwe khofi. Vernon anafunsa motsitsa mawu, "Pobwerera ndiyendetseko, achemwali?"

Lorene anamwetulira, maso ali kutali. "Mwina chaka chamawa."