Nsembe ya a January pansi pa mpapaya

A January, telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe, anachoka kwawo ku Nsanje dziko litangolandira ufulu, ndipo kutchalitchi sanapondeko. Pamzere wonse wa nyumba ku Soche kumene ankakhala, iwo okha ndiwo ankapembedza mizimu ya makolo. Kwawo nsembe amathira pansi pa msolo, koma m'tauni mtengowo unalibe, choncho anasankha mpapaya wa kuseri kwa bafa.

Mayeso akayandikira, ankagwaditsa ana awo pamenepo. Aliyense ankathira kaufa ka mapira n'kutchula maina a agogo amene sanawaonepo, ena akuomba m'manja. Pochokera kusukulu ankapeza ufa watha, n'kusangalala kuti makolo alandira.

Tsiku lina Hilda, mwana wachiwiri, anajomba kusukulu n'kubisala kuti aione mizimuyo. Madzulo anachingamira bambo ake atakwiya.

"Ababa, ufa uja zimadya ndi nkhuku za akatekisiti oyandikana nafewa."

A January anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndimadziwa, mwanangu. Agogo ako sankamana mlendo chakudya. Tandiuza, maina awo ndani?"

Hilda anawatchula onse osaphonya ndi mmodzi yemwe.

"Basi," anatero a January. "Ndiye kuti alandira."