Pafupi Pomwepa

Wometa wa pakona paja anthu ankamutcha Pafupi. Ukamufunsa njira ya kuchipatala, pafupi pomwepa. Ukamufunsa kuti atsiriza liti mutu umene wagwirawo, pafupi. Ambiri anatha nsapato chifukwa cha munthu ameneyu, koma poti ankameta bwino ankangomukhululukira.

Chimene chinali kutali kwa iye n'chimodzi chokha: mkulu wake. Anakangana pa lumo la malemu bambo awo, limene Pafupi anakana kupereka, mkuluyo n'kusamukira kutauni ina. Chikanganiranecho sanayankhulanenso. Zinkamuwawa, koma anali wouma khosi.

Tsiku lina madzulo, akukung'untha thaulo pakhonde, kumwamba kunadutsa nyenyezi yothothoka, yobiriwira, yamchira wautali. Pofika mawa lake anali atayeza kale zonse ndi chipeso, mkono atatambasula, diso limodzi atatsinzina.

"Inadutsa zipeso zitatu pamwamba pa denga la telala," ankauza aliyense wokhala pampando. "Liwiro ngati la njinga yamoto ya mkamwini wanga. Yagwera kuseri kwa sukulu, pafupi pomwepa."

Anakasakadi kuseri kwa sukuluko, n'kubwerako ndi chidutswa cha njerwa yopserera, chimene mkazi wake amatchingira chitseko mpaka lero.

Mkamwiniyo, wokonza mafoni, atabwera kudzametetsa anayankhula mwaulemu kwambiri, poti lumo linali pakhosi pake.

"Bambo, muli pamalo amodzi simungadziwe kutalika kapena liwiro. Ntchentche yodutsa pamphuno ndi ndege ya kumitambo zonse zimakwana pachipeso chomwecho. Pafunika wina wakutali amene anaionanso, mufananize."

"Wakutali ndani?"

Mkamwini anangoyang'ana pagalasi. Wakutali analipo mmodzi yekha.

Pafupi anasesa tsitsi, n'kusesanso posesa kale. Kenako anabwereka foni.

"Achimwene, ndine. Si za lumo ayi. Nyenyezi ija munaiona?"

Kunamveka mawu okalamba kuposa mmene ankawakumbukira, ndipo mtima unamupweteka.

"Ndinaiona. Yagwera kuseri kwa nyumba yanga, pafupi pomwepa."

"Bodza limenelo achimwene, yagwera kuno."

"Bwera udzaone wekha."

Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu pa basi. Mkazi wake atamuona akupukuta nsapato anafunsa kumene akupita.

"Pafupi pomwepa," anatero, akukulunga lumo lija m'thaulo.