Phazi Lomwe Linapita Kunja

M'buku la nyimbo la amayi, lija lachikuto chakuda lomwe mphemvu zinadya m'mbali, muli pepala lopindidwa kanayi. Ukalitambasula umaona phazi la mwana, lakumanzere, lojambulidwa ndi cholembera chakuda. Pa chala chachikulu mzere unakhota, chifukwa mwini phazilo ankaseka. Pansi pake pali dzina la mng'ono wanga, lolembedwa ndi dzanja la mlendo. Amene anachititsa kuti pepalalo likhalepo ndine.

Ndinali mu Sitandade 4 pa sukulu ya kwathu, kufupi ndi Mtakataka, chaka chomwe kunabwera azungu achinyamata a mpingo wina wakunja. Inali nyengo ya mwera, mpunga utapsa, m'mawa miyendo yathu ikutuwa ngati tagona paphulusa. Anafika pa minibasi atavala malaya ofanana, ndipo aphunzitsi anatiuza kuti abwera kudzatumikira Mulungu pothandiza ana asukulu. Anapaka penti m'makalasi, anatiphunzitsa nyimbo zowomba m'manja zomwe mawu ake sitinkawamva, ndipo ankanunkha mankhwala a udzudzu, fungo lowawa lomwe linkatsala m'kalasi iwo atatuluka. Lero ndikudziwa kuti anali ana ngati ife, kungoti anali aatali. Nthawi imeneyo ndinkawakonda ndi kuwaopa pamodzi.

Kutatsala masiku awiri kuti apite, aphunzitsi analengeza kuti alendo akufuna kudzatitumizira nsapato akakafika kwawo, choncho mawa lake aliyense abwere atatsuka mapazi chifukwa adzatiyeza. Mtima wanga unathamangira kwa mng'ono wanga. Anali ndi zaka zisanu, asanayambe sukulu, ndipo nyengo yotentha mchenga wa kwathu umawotcha moti ankadumpha kuchoka pamthunzi kupita pamthunzi akulira. M'mawa, amayi atapita kukapuntha mpunga ku Bwanje, ndinamusambitsa, ndinamuveka yunifolomu yanga yakale yomwe inkamufika m'akakolo, n'kumuimika pamzere patsogolo panga. Aphunzitsi anamuona, anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana kumbali.

Kuyeza kwake sikunali kwa tepi ngati kwa atelala. Ankayala pepala pansi, iwe n'kupondapo, iwo n'kuzunguliza cholembera m'mbali mwa phazi. Amene anatiyeza ife anali mtsikana wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, m'mano mwake muli waya wonyezimira. Anagwada patsogolo pathu, munthu wamkulu kugwadira ana, ndipo dzanja lake linali lozizira ngati angolichotsa mumtsuko. Mng'ono wanga anaseka chifukwa cholembera chinkamunyerenyetsa. Mtsikanayo anafunsa dzina, analemba, n'kuika pepalalo m'katoni momwe munali kale mapazi a sukulu yonse, atasanjikizana, opanda eni ake.

Madzulo amayi anaona mzere wakuda m'mbali mwa chidendene cha mwanayo. "Wakulemba phazi ndani?" anafunsa. Nditafotokoza sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya. Anangokhala pansi pakhonde, n'kumuyang'ana mwanayo ngati akumuona kutali.

Kwathu phazi si chinthu chosiya paliponse. Mwana aliyense ankadziwa kuti munthu woipa mtima amatapa dothi pamene wapondapo, n'kukalimanga m'kansanza, ndipo mwini phazi amayamba kufota pang'onopang'ono. N'chifukwa chake amayi ankasesa bwalo m'mamawa, ngakhale anali a kwaya komanso osajomba ku Misa. Tsono apa alendo sanatape dothi ayi. Anatenga phazi lenilenilo, ndi dzina lomwe, ndipo ankapita nalo kutsidya kwa nyanja komwe palibe wa kwathu akanalilondola.

Amayi anamukwecha ndi mwala mpaka mwanayo analira, koma mzerewo unangozilala osachoka. Kutacha amalume anapita kwa aphunzitsi kukapempha pepalalo. "Ndi nsapato chabe izi, bambo," anatero aphunzitsi, koma anawauzabe kuti katoniyo yanyamuka kale ndi alendo. Amalume anapalasa njinga mpaka ku Golomoti, n'kupeza minibasi itakwera kale msewu wa kuphiri. Anabwerako dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, nati, "Lapita."

Patatha milungu iwiri mng'ono wanga anayamba kudandaula kuti phazi likuzizira. Thupi lonse linali moto, koma iye ankangoloza lakumanzere lomwelo, ine n'kumalifunditsa ndi chitenje. Amayi anamubereka kupita naye kuchipatala ku Mua. Adokotala anati ndi malungo, ndipo afika kumutu. Ndine munthu wamkulu tsopano, ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti ananena zoona: udzudzu wa m'minda ya mpunga sudikira pepala la munthu. Anamwalira tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo.

Pamaliro palibe anandinena. Azimayi ankangondiyang'ana kumapazi, ndikawayang'ana n'kuwerama. Zovala zake zonse anaziika m'bokosi n'kupita nazo kumanda. Tsiku losesa litafika, azakhali anatenga tsache n'kuzungulira bwalo lonse monga mwa mwambo. Kuseri kwa nyumba, pomwe tinkataya madzi otsukira mbale, panali timapazi take titauma m'matope. Ndinakaima pamenepo kuti asatione, koma anandisuntha ndi dzanja n'kutipala ndi khasu. "Pasatsale kanthu," anatero.

Sukulu inandiipira. Penti ya alendo aja inali ikunyezimirabe m'khoma, ndipo anzanga akayamba nyimbo zawo zija ndinkatuluka ngati ndikupita kukataya madzi. Ndinkapemphera kuti alendowo atiiwale, monga amachitira alendo ambiri. Koma amenewa anali okhulupirika.

Mvula yoyamba itagwa, makatoni anafika. Aphunzitsi anaima kutsogolo akuwerenga mayina olembedwa pa timatumba, aliyense n'kumapita kukalandira. Anaitana langa, ndinalandira, ndinakhala pansi. Kenako anayamba kuwerenga dzina lotsatira, n'kulekezera pakati. Madontho a mvula ankangogwa kuchokera pamalata. Ndinadzukanso ndekha n'kukatenga katumbako.

Nsapato za mng'ono wangazo zinali zoyera, zazing'ono moti zonse ziwiri zinakwana m'dzanja langa limodzi. Nditafika kwathu ndinaziika pansi m'nyumba, momwe munkakhala kamdima ngakhale masana. Zitangogunda pansi, zidendene zake zinathwanima mofiira, kawiri, katatu, popanda wozivala. Amayi anakuwa, ine ndinathawira pakhomo. Masiku ano nsapato zotere zili mbwee pa kaunjika ku Golomoti, ana amachita kupondaponda dala kuti ziyake. Ife tinali tisanazionepo, ndipo tinkadziwa bwino phazi lomwe anaziyezera.

Amalume anabwera ndi ndodo kuti azinyamule akaziponye m'chimbudzi. Atakola yakumanzere, m'kati mwake munagwa pepala. Winawake kunja kuja anali atalipinda bwinobwino n'kulilowetsamo kuti nsapato zisasochere mwini wake. Amalume anati tiliwotche msanga. Amayi analitola, analitambasula, n'kuliyang'ana nthawi yaitali moti ndinamva nkhuku zikupalasa panja. Kenako anati, "Achimwene, nsapatozo katayeni. Koma ili musaligwire."

Zanga sindinavalepo. Zinakhala pamwamba pa khoma mpaka phazi langa linazipitirira, ndipo amayi anazipereka kwa mwana wa kumudzi kwina. Mpaka lero ndikafuna kugulira ana anga nsapato ndimawayeza ndi chingwe, ndikagula n'kuchimasula mfundo. Anzanga akuntchito amandiseka kuti namwino wathunthu woopa cholembera. Ndimaseka nawo, koma chingwecho sindisiya.

Lamlungu lina masana, chaka chomwe nsapato zija zinabwera, ndinawapeza amayi atakhala kuseri kwa nyumba, pamalo paja anapala azakhali. Pepalalo linali pabondo pawo. Chikhatho chawo chinali chitagwira chidendene, chala chikuyenda pang'onopang'ono m'mzere, monga ankachitira pofufuza minga mwanayo akabwera akutsimphina. Ndinabwerera mwakachetechete. Ndinkaganiza kuti akulilonda kuti anthu oipa asalitengenso, ndiponso kuti amalisunga kuti asaiwale mlandu wanga, ndipo ndinakula ndi maganizo amenewo. Sindikanatha kumvetsa kuti m'nyumba mwathu munalibe chithunzi cha mwanayo ngakhale chimodzi, kuti zovala zinapita naye ndipo bwalo anasesa, ndi kuti chokhacho chomwe amayi akanathanso kuchigwira, pamodzi ndi kuseka kwake kuja pa chala chachikulu, chinali chimene ndinakachita ine mobisa m'mawa uja.